Kerry James Marshall: mafunso ndi mayankho okhudza mkulu amene analowetsa anthu akuda bii mmamyuziyamu

Nthawi zonse ndikaonetsa munthu zithunzi za Kerry James Marshall pafoni, mafunso amakhala omweomwewo, nde ndaganiza zongowaika pamodzi. Ndineneretu kuti ndikamati "chithunzi" kapena "kujambula" pano sindikunena za kamera ayi, ndikunena zojambula pamanja ndi penti ndi burashi. Ndipo ine mkuluyu ndimamukonda kwambiri ntchito yake, zimenezo muzidziwiretu.

Kodi Kerry James Marshall ndi ndani?

Ndi munthu wakuda wa ku America, wojambula ndi penti, anabadwa pa 17 October 1955 ku Birmingham mchigawo cha Alabama. Amakhala ku Chicago kuyambira mu 1987 ndipo mkazi wake ndi Cheryl Lynn Bruce, wa zisudzo. Chimene amadziwika nacho ndi zithunzi zikuluzikulu, zina zotalika kuposa chitseko cha nyumba kuwirikiza, zodzadza ndi anthu akuda, koma akuda bii ngati makala, akuchita zinthu za masiku onse: kumetetsa, kumangitsa tsitsi, kulima maluwa, kukondana, kupuma panja Lamulungu masana. Chinsinsi chake nchoti kamangidwe ka zithunzizo amakatenga kwa akatswiri akale a ku Ulaya amene zithunzi zawo zadzadza mmamyuziyamu.

Ubwana wake unali wotani?

Apa mpamene pali gwero la nkhani yonse. Birmingham ya nthawi imeneyo inali umodzi mwa mizinda ya tsankho loopsa ku America konse, moti mu September 1963 azungu a gulu latsankho la Ku Klux Klan anaphulitsa bomba patchalitchi cha 16th Street Baptist Church nkupha atsikana anayi. Chaka chomwecho banja la a Marshall linasamukira ku Los Angeles, nkukakhala kumafulati a boma otchedwa Nickerson Gardens mdera la Watts. Patangotha zaka ziwiri, mu August 1965, ku Watts kunabuka zipolowe zimene zinapha anthu 34, mwana wa zaka 9 akuona moto ndi maso ake. Kenako anakulira ku South Central pafupi ndi ofesi ya Black Panthers, gulu la anthu akuda lomenyera ufulu wawo. Mwiniwake ananenapo kuti munthu sungabadwire ku Birmingham mu 1955 nkukulira malo ngati amenewo koma osamva kuti uli ndi udindo pa anthu ako.

Koma kanthu kamene ine kamandigwira mtima ndi ka bambo ake. Ankagula mawotchi owonongeka, kuwaphwasula, kuwerenga mabuku akale a kakonzedwe kake, kuwakonza nkuwagulitsa. Nde mwana anakula akudziwa kuti chinthu chilichonse, ngakhale chioneke chodula ndi chovuta bwanji, chili ndi mkati mwake, ndipo ukachitsegula ukhoza kudziwa mmene chimagwirira ntchito. Ndi zomwezo zimene iye anadzachita ndi zithunzi za azungu. Anaziphwasula ngati wotchi.

Anayamba bwanji kujambula?

Amakamba yekha kuti ali kukindagateni aphunzitsi ake anali ndi buku lomatamo zithunzi zodula mmamagazini ndi makadi, ndipo mwana amene wakhala bwino tsiku limenelo ankaloledwa kuliona. Pamenepo mpamene anaganiza kuti iye adzakhala wopanga zithunzi. Ali kupulayimale anapita ndi sukulu ku Los Angeles County Museum of Art, koyamba kulowa mmyuziyamu. Kenako ali mnyamata anapeza mwayi wa makalasi ojambula ku Otis Art Institute ndipo kumeneko anadziwa za Charles White, mkulu wakuda amene ankajambula anthu akuda mwaulemu ndi mwamphamvu, manja akuluakulu, nkhope zoganiza. White anadzakhala mphunzitsi wake. Marshall anamaliza digiri yake pa Otis pomwepo mu 1978, White nkumwalira chaka chotsatira.

Nanga zoti "amakonzanso mbiri ya zojambula" zikutanthauza chani kwenikweni?

Tiyambe chonchi. Mukalowa mmyuziyamu yaikulu ku Paris, ku London kapena ku New York, mumayenda chipinda ndi chipinda, zaka 500 kapena 600 za zithunzi, ndipo pafupifupi aliyense pakhomapo ndi mzungu. Mafumu azungu, Maria mzungu, angelo azungu, alimi azungu, ngakhale zidakwa zake nzachizungu. Munthu wakuda akapezekamo amakhala pakona, wanyamula thireyi kapena maluwa, kapena ndi mmodzi wa anzeru a kummawa aja. Mwana wakuda akamayenda mmenemo palibe amamuuza kanthu koma amaphunzira yekha kuti kukongola, ulemu ndi kukumbukiridwa nza ena.

Pali njira ziwiri zoyankhira zimenezi. Ukhoza kunena kuti zimenezo nza azungu, ine sizikundikhudza, ndipanga zanga kunja kuno. Kapena ukhoza kuchita zimene anachita Marshall, kunena kuti ayi, ine ndilowa mommo, ndiphunzira luso lawolo mpaka kulidziwa ngati eni ake, kenako ndijambula zithunzi zazikulu ndi zapamwamba mwakuti myuziyamu ilephere kuzikana, koma anthu ake akhale anga. Nde anakhala pansi kuphunzira mitundu yonse ya zithunzi imene azungu ankailemekeza: zithunzi za mbiri, za nkhope, za malo, za chikondi, za wojambula ali pantchito. Mtundu uliwonse anaupanganso ndi anthu akuda pakati penipeni, osati pakona. Sanabwere kudzagwetsa nyumba. Anabwera kudzakhala pabalaza.

Chifukwa chani anthu ake ndi akuda chonchija? Palibetu munthu wakuda choncho.

Funso ili limabwera nthawi zonse ndipo ena amafunsa atakwiya ndithu, kuganiza kuti akutinyoza. Ayi. Amachita dala. Maganizo ake ndi oti ngati anthu akutchedwa akuda, iye awajambula ndi penti yakuda yeniyeni, osaisungunula ndi yoyera kapena ya bulauni ngati akupepesa. Ndipo akufuna kuonetsa kuti kuda nakonso ndi mtundu wolemera ngati kufiira kapena kubiriwira, osati kusowa kwa kuwala chabe.

Mmene amachitira ndi nkhani ya umisiri. Penti yakuda si imodzi. Pali yochokera ku mwaye, pali yochokera ku mafupa otentha, pali yochokera ku chitsulo, ndipo zitatuzi sizifanana, ina imapita kobiriwira ngati mtambo, ina kofiirira, ina ndi yozama kwambiri. Iye amaziika moyandikana, pena kuthiramo kabuluu kapena kachikasu pang'ono, nde mphuno, masaya, milomo zimatuluka popanda kuyeretsa khungulo. Pafoni zimangooneka ngati chikuda chimodzi koma mukakulitsa chithunzi chabwino mumayamba kuona kusiyana kwake.

Ife tomwe timadziwa mmene mafuta oyeretsa khungu amayendera malonda, komanso mmene mwana wakuda kwambiri amanenedwera kusukulu, nkhani iyi sikufunika kutifotokozera nthawi yaitali. Kuona mayi wakuda bii atajambulidwa ngati mfumukazi pa chinsalu cha mamita atatu kumachita kanthu mumtima.

Chithunzi chake choyamba chodziwika ndi chiti?

Chimatchedwa A Portrait of the Artist as a Shadow of His Former Self, cha mu 1980, ali ndi zaka 24 kapena 25. Nchaching'ono zedi, ngati tsamba la kope. Munthu wakuda wavala chipewa chakuda ndi jekete yakuda kumbuyo kwakenso kuli mdima, chimene mumaona msanga ndi maso oyera ndi mano akuseka, dzino limodzi palibe. Anachijambula atawerenga buku la Ralph Ellison lotchedwa Invisible Man, lonena za munthu wakuda amene anthu samuona, osati chifukwa kulibe koma chifukwa safuna kumuona. Ndipo taonani penti imene anasankha: ya ufa wosakaniza ndi chikasu cha dzira, imene ankagwiritsa ntchito ojambula a ku Italy zaka za mma 1300 ndi 1400 penti ya mafuta isanafale. Kuyambira pachiyambi pomwe anali akugwira kale zida za akale aja.

Ndi zithunzi ziti zimene munthu angayambire kuona kuti amvetse?

Ine ndimati yambani ndi De Style ya 1993. Ndi babashopu, pawindo palembedwa Percy's House of Style, wometa ali pakati ndi kasitomala pampando, anyamata ena ali pambali ndi matsitsi otalika okongoletsedwa, akuyang'ana inuyo. Kukula kwake ndi pafupifupi mamita 2.6 kutalika ndi 3 mulifupi. Dzinalo likuseweretsa mawu a De Stijl, gulu la ojambula a ku Netherlands la Piet Mondrian, aja a mabokosi ofiira, abuluu ndi achikasu, ndipo mukayang'anitsitsa makabati, magalasi ndi khoma la mubabashopumo mupeza mabokosi omwewo ndi mitundu yomweyo. Kaimidwe ka anthuwo nako kakukumbutsa zithunzi za magulu a anthu olemera a ku Holland a zaka za mma 1600. Nde malo amene aliyense wa ife amawadziwa, pometera, pamene amuna amakambirana mpira ndi ndale, apatsidwa ulemu umene unkapatsidwa kwa mabwana a Amsterdam. Myuziyamu ya Los Angeles ija, yomwe analowa ali mwana, inagula chithunzichi.

Chachiwiri ndi School of Beauty, School of Culture cha 2012, ichi nde ndimachikonda kuposa zonse. Ndi saluni ya amayi, mitundu yowala, magalasi paliponse, amayi akudzikonza, wina waima pakati akudzionetsa. Koma pansi pakatikati pali chinthu chachikasu chopendekeka chotambasuka, ngati chayandama mmwamba, poyamba simungadziwe kuti nchani. Mukachionera chammbali chimasanduka mutu wa mtsikana wachizungu wa tsitsi lachikasu, Sleeping Beauty wa mukatuni ya Disney. Nzeru imeneyi anaitenga kwa Hans Holbein amene mu 1533 anajambula The Ambassadors, akuluakulu awiri a ku France atavala zodula, koma pansi pawo pali chigaza cha munthu chotambasulidwa chimodzimodzi, chokumbutsa kuti imfa ilipo ngakhale ulemere bwanji. Marshall anachotsa chigaza nkuikapo kukongola kwachizungu, kutanthauza kuti ichi ndi chimzukwa chimene chimayendayenda musaluni ya amayi akuda. Ndipo amene akuchiona ndi tiana tiwiri tokha, akuluakulu onse ali bize ndi zawo. Pamenepo ine ndimangoti mkuluyu amaganiza mozama. Chithunzichi chili ku Birmingham Museum of Art, mzinda womwe anabadwira.

Nanga za "Garden" zija?

Ndi gulu la zithunzi za 1994 ndi 1995 lotchedwa Garden Project. Anaona kuti mafulati ambiri a boma okhala anthu akuda osauka anali ndi mayina okoma a "Gardens", kunena kuti minda ya maluwa: Stateway Gardens, Wentworth Gardens, Altgeld Gardens ku Chicago, ndi Nickerson Gardens komwe iye anakhalako. Pamene mmanyuzi malo amenewa ankangotchulidwa pa nkhani za mfuti ndi mankhwala ozunguza bongo. Nde anawajambula ngati mmene azungu akale ankajambulira paradizo wa kumudzi, dzuwa likutuluka, udzu wobiriwira, timbalame tabuluu tanyamula maliboni kukamwa.

Mu Many Mansions, chimene chili ku Art Institute of Chicago, amuna atatu ovala malaya oyera ndi mathalauza akuda ngati akuchokera kutchalitchi akusamalira maluwa kutsogolo kwa Stateway Gardens, ndipo pamwamba pali liboni lolembedwa mawu a pa Yohane 14:2 aja oti mnyumba ya Atate anga alimo malo okhalamo ambiri, koma iye anasintha nkuti mnyumba ya Amayi anga. Ena amaganiza kuti akuseka malowo. Ine sindikuona choncho, chifukwa mwiniwake amakumbukira Nickerson Gardens ya 1963 ngati malo abwino pamene ankafika. Penti ina ikuchucha, zina zadetsedwa dala, maenje a maluwawo akuoneka ngati manda, nde chisoni chilimo, koma chikondi chilimonso, anthu ankakhala mmenemo ndipo ankadzala maluwa. Stateway Gardens inagwetsedwa kale, yatsala pachithunzipo.

Kodi si kukopera chabe zimenezi?

Ayi, ndipo apa anthu amasokoneza. Marshall satenga chithunzi chimodzi cha mzungu nkungosintha nkhope. Amatenga kamangidwe, kaikidwe ka anthu, mmene kuwala kumayendera, kukula kwa chinsalu, nkumanga nazo chinthu chatsopano chimene nkhani yake ndi ya Chicago. Ngakhale mutakhala kuti Holbein simunamumvepo, saluni ija ikugwiranibe. Komanso akale omwewo ankatengerana. Édouard Manet pojambula Olympia mu 1863 anatengera chithunzi cha Titian cha mu 1500 mwakemo, ndipo palibe amati Manet ndi wakuba. Umu ndi mmene luso limeneli lakhala likuyendera, wina amayankha mnzake ngakhale papite zaka 300. Chimene chinasintha nchoti tsopano woyankhayo ndi mdzukulu wa akapolo.

Amangojambula zosangalatsa basi? Za ukapolo ndi nkhanza bwanji?

Zilipo, koma sakonda kuonetsa munthu wakuda akukwapulidwa kapena atafa, zithunzi zotero zachuluka kale. Amapeza njira ina. Mu Great America ya 1994, yomwe ili ku National Gallery of Art ku Washington, anthu akuda apanikizana mukabwato ka kumalo osewerera ana kakulowa mumphanga ya mizukwa, ndipo mumazindikira mochedwa kuti akunena za sitima za akapolo zowoloka Atlantic. Mu gulu la Souvenir la 1997 ndi 1998 muli amayi a mapiko onyezimira ali pabalaza lokonzedwa bwino, pakhoma pali Martin Luther King Jr ndi a Kennedy awiri, Pulezidenti John F. Kennedy ndi mng'ono wake Robert, mmwamba nkhope za anthu amene anaphedwa pomenyera ufulu mzaka za mma 1960.

Chovuta kwambiri kuchiona ndi Black Painting cha 2003. Chonse nchakuda, mukhoza kuganiza kuti palibe kanthu, maso akazolowera mumayamba kuona chipinda chogona, bedi, anthu awiri. Ndi chipinda cha Fred Hampton, mtsogoleri wa Black Panthers ku Chicago, usiku wa pa 4 December 1969 apolisi asanalowe kudzamuombera ali pabedi, ali ndi zaka 21. Azungu ngati Ad Reinhardt anajambulapo zinsalu zakuda zokhazokha zopanda munthu, Marshall anatenga mtundu womwewo nkuikamo munthu ndi mbiri.

Palinso cha Nat Turner, kapolo amene anatsogolera kuukira ku Virginia mu 1831, ataima ndi nkhwangwa, mutu wa bwana wake uli pabedi kumbuyo, mmene akale ankajambulira Davide ndi mutu wa Goliati. Ndi china cha Scipio Moorhead, kapolo wa ku Boston wa mzaka za mma 1770 amene ankajambula koma nkhope yake palibe anaisunga, Marshall anamupatsa nkhope nkumuimika patsogolo pa chinsalu chake burashi ili mmanja.

Chifukwa chani amajambula kwambiri anthu akujambula?

Chifukwa mmyuziyamu chithunzi cha wojambula ali pantchito chimakhala cha mzungu wamwamuna pafupifupi nthawi zonse, Rembrandt, Velázquez ndi anzawo. Nde cha mma 2008 mpaka 2010 anapanga gulu la zithunzi za ojambula akuda, ambiri amayi, atanyamula thabwa losakanizirapo penti lalikulu kwambiri, akuyang'ana inu mosaopa. Kumbuyo kwa ena kuli chithunzi chawo chomwe chosamaliza, chogawidwa timagawo ta manambala ngati mabuku a ana opaka mitundu aja. Ine ndimamva ngati akuti malo alipo, manambala alembedwa kale, chatsala ndi munthu woti atenge burashi.

Zinamutengera nthawi yaitali bwanji kuti adziwike?

Yaitali ndithu. Mu 1985 anapeza malo ogwirirako ntchito ku Studio Museum in Harlem ku New York, kenako Chicago, komwe poyamba ankakhala mukachipinda kakang'ono. Anaphunzitsa pa University of Illinois at Chicago kuyambira 1993 mpaka 2006. Chaka cha 1997 chinamuyendera, analandira mphoto yotchuka ya ku America ya MacArthur komanso anaonetsa ku Documenta, chionetsero chachikulu cha zaluso ku Kassel, Germany, komwe anabwererakonso mu 2007, ndipo mu 2003 anali ku Venice Biennale, chionetsero china chachikulu cha ku Italy. Koma dziko lonse linamudziwa bwino ndi chionetsero cha Mastry cha 2016 ndi 2017, chimene chinayambira ku Museum of Contemporary Art ku Chicago, kupita ku Met Breuer ku New York, kukathera ku Los Angeles. Apo nkuti ali ndi zaka 60. Dzina la Mastry analilemba molakwika dala kuchokera ku mawu achingerezi oti mastery, likunena za ukatswiri komanso likukumbutsa mawu oti master amene akapolo ankaitanira bwana wawo.

Nzoona kuti chithunzi chake chinagulidwa madola 21 miliyoni?

Nzoona. Past Times cha 1997 chinagulitsidwa paokushoni ya Sotheby's ku New York mu May 2018 pamtengo wa madola 21.1 miliyoni, ndipo panthawiyo panalibe wojambula wakuda wa ku America wamoyo amene chithunzi chake chinafikapo pamenepo. Ndi chithunzi cha anthu akuda ovala zoyera ali mmbali mwa nyanja, wina akusewera gofu, wina akukokedwa ndi boti pamadzi, banja lili pamkeka ndi wailesi, masewera amene anthu amati ndi a azungu olemera. Chikuyankha chithunzi chotchuka cha Georges Seurat cha anthu a ku Paris akupuma Lamulungu pachilumba cha La Grande Jatte, chomwe chili ku Chicago komweko.

Koma mvetserani mbali inayi. Bungwe loyendetsa holo ya misonkhano ya McCormick Place linagula chithunzichi mu 1997 pa madola 25,000 okha, chinakhala pakhoma la mukhonde zaka zambiri anthu akungodutsa. Amene anagulitsa mu 2018 ndi bungwelo, osati Marshall, ndipo ku America kulibe lamulo loti wojambula alandireko kanthu chithunzi chake chikagulitsidwanso. Nde musamaganize kuti mamiliyoniwo analowa mthumba mwake.

Chaka chomwecho mzinda wa Chicago utaona mitengo imeneyi unafuna kugulitsa Knowledge and Wonder, chithunzi chimene anajambulira laibulale ya Legler kudera la anthu akuda mu 1995 pa madola 10,000. Anthu anakwiya, Marshall mwiniwake anadandaula poyera, ndipo meya Rahm Emanuel anasintha maganizo. Ine ndimati anachita bwino kukana, chithunzicho anajambulira ana a kuderalo osati mabwana a okushoni.

Nanga nkhani ya mawindo a tchalitchi?

Washington National Cathedral inali ndi mawindo a magalasi amitundumitundu olemekeza Robert E. Lee ndi Stonewall Jackson, akuluakulu a nkhondo a mbali imene inkamenyera kuti ukapolo upitirire. Anaikidwa mu 1953, anachotsedwa mu 2017. Marshall anapemphedwa kupanga atsopano ndipo anatsegulidwa mu September 2023, dzina lake Now and Forever, akuonetsa anthu akuda ali pa zionetsero atanyamula zikwangwani zofuna chilungamo. Malipiro amene anapempha ndi madola 18.65, kukumbukira chaka cha 1865 pamene ukapolo unathetsedwa ku America.

Amasiyana bwanji ndi Kehinde Wiley, uja anajambula Obama?

Onse awiri amaika anthu akuda mmalo amene munkakhala azungu, koma kachitidwe nkosiyana. Wiley, wobadwa mu 1977, nthawi zambiri amatenga chithunzi chimodzi chodziwika nkuikamo mnyamata wamakono mu kaimidwe komweko, monga chija cha 2005 chimene mnyamata wovala zachisilikali ndi nsapato za Timberland wakwera hatchi ngati Napoleon wa Jacques-Louis David, kumbuyo kuli maluwa ndi zokongoletsa. Mumachimva nthawi yomweyo. Marshall ndi wamkulu kwa iye ndi zaka 22 ndipo zake zimafuna nthawi, anthu ake si anthu enieni amene anawaimika, amawapanga mmutu mwake, pena amasoka tizovala nkuveka zidole kuti aone mmene nsalu ikugwera. Palinso Titus Kaphar amene amajambula chithunzi chachikale kenako nkuchidula, kuchikwinya kapena kupaka penti yoyera pa azungu kuti kapolo wa pakona aonekere. Onsewa ndi aluso, koma kwa ine Marshall ndi amene zithunzi zake ungabwerereko kakhumi nkupezabe chatsopano.

Alipo amene amamutsutsa?

Alipo, ndipo funso lawo si lopusa. Amati nchifukwa chani munthu wakuda azivutika moyo wake wonse kuti alandiridwe mnyumba ya azungu, bwanji osamanga yathu, ndipo zithunzizo zikatha amagula ndi anthu olemera omwewo. Ndimawamva. Koma yankho la Marshall lakhala loti myuziyamu ndi kumene mbiri imasungidwa ndi kuphunzitsidwa, ana asukulu amapita kumeneko, mabuku amalembedwa kuchokera kumeneko, nde ukakana kulowamo wasiya ena akusankhire ngati udzakumbukiridwe kapena ayi. Ndipo sanangodikira mamyuziyamu, kuyambira 1999 wakhala akupanga makomiki otchedwa Rythm Mastr, mmene ziboliboli za ku Africa zosungidwa mmyuziyamu zimadzuka nkukhala ngwazi za mphamvu mmisewu ya Chicago, ndipo mu 2017 anajambula chithunzi chachikulu cha amayi 20 a mumzindawo pakhoma la Chicago Cultural Center, panja pamene aliyense akhoza kuona, malipiro ake dola imodzi.

Ali moyo? Akujambulabe?

Mu 2025 anakwanitsa zaka 70 ndipo Royal Academy of Arts ku London inatsegula chionetsero chake chachikulu chotchedwa The Histories mu September chaka chomwecho. Mmenemo munali zithunzi zatsopano zokhudza Africa, ndipo sanatinyengerere, zina zikuonetsa anthu akuda akugwira ndi kugulitsa anthu akuda anzawo kwa ogula akapolo. Iye akunena za kunyanja ya Atlantic, koma amene anaphunzira za Jumbe wa ku Nkhotakota ndi Mlozi wa ku Karonga akudziwa kuti nkhani yotere si yachilendo kwathu kuno.

Ndingazione kuti zithunzi zake?

Zambiri zili ku America: De Style ndi kachithunzi ka 1980 kaja ku Los Angeles County Museum of Art, Many Mansions ku Art Institute of Chicago, Untitled (Studio) cha 2014 ku Metropolitan Museum ku New York, saluni ija ku Birmingham ya ku Alabama, osati ya ku England. Mamyuziyamu amenewa amaika zithunzi zawo pa intaneti, ndipo ngati mungathe onerani pa kompyuta osati pafoni, kulitsani pankhope kuti muone mitundu ya kuda ija. Amene muli ku London, The Ambassadors ya Holbein ili ku National Gallery pa Trafalgar Square ndipo kulowa nkwaulere, kaimeni kudzanja lamanja la chithunzicho pafupi ndi khoma mpaka chigaza chija chiwongoke, kenako tsegulani School of Beauty, School of Culture pafoni yanu nkuipendeketsa chimodzimodzi.